Fayilo Ikakana, Musathamangire Kuthyola Loko

Ana anga, inu amene mwangoyamba kumene ntchito yosamalira makompyuta m'maofesi, ndikudziwa kuti chimene chimakusowetsani mtendere si akuba a pa intaneti amene munaphunzira ku koleji, koma kuitana kwa m'mawa koti, "A IT, tabwerani, fayilo yakana." Mumathamanga, mumapeza mayi a kuakaunti atagwira tsaya, abwana ataima kumbuyo kwawo akuyang'ana wotchi, ndipo pa sikirini pali uthenga woti fayiloyo ili m'manja mwa munthu wina. Mtima umakuuzani kuti muchitepo kanthu msanga, aone kuti sukulu munapitadi. Ndikufuna ndikulangizeni za mphindi imeneyo, chifukwa ntchito zambiri za anthu zimatayika pomwepo, ndipo wozitaya kawirikawiri amakhala amene wabwera kudzathandiza.

Ife tinayamba ntchito mafayilo akali a mapepala, omangidwa ndi chingwe, osungidwa ku registry. Fayilo inkatuluka ndi munthu mmodzi, kalaliki n'kulemba m'buku kuti yapita kwa auje tsiku lakuti. Wina akaifuna ankauzidwa kuti adikire kapena akaipemphe yekha. Palibe amene ankati registry yawonongeka chifukwa choti fayilo ili pa desiki ya mnzake. Seva ya muofesi ndi kalaliki yemwe uja, kungoti salankhula. Makompyuta a Windows amakambirana ndi seva m'njira yotchedwa SMB, imene Barry Feigenbaum anayambitsa ku IBM mu 1983, ndipo timabokosi tosungira mafayilo timene maofesi ang'onoang'ono amagula timatsata njira yomweyo kudzera mu Samba, pulogalamu imene Andrew Tridgell wa ku Australia anatulutsa mu 1992. Woyamba kutsegula fayilo ya Word kapena Excel ndiye amapatsidwa mphamvu yolembamo, wachiwiri amangowerenga. Zikanapanda kutero, womaliza kusunga akanafafaniza zonse za mnzake popanda aliyense kudziwa. Choncho uthenga umene wakwiyitsa abwanawo ukunena kuti penapake m'nyumbamo muli munthu amene ntchito yake ikutetezedwa. Yambani mwadziwa kuti munthuyo ndani.

Dzina limene uthengawo umatchula limachokera m'kafayilo kobisika kamene kamabadwa m'foda yomweyo fayilo ikangotsegulidwa, koyamba ndi zizindikiro za ~$. Amene mumagwiritsa ntchito LibreOffice mudzaona kena koyamba ndi .~lock. Koma dzinalo ndi limene linalembedwa mu Office pa kompyuta ya munthuyo, ndipo apa m'pamene ulesi wa woika mapulogalamu umaonekera. Ofesi yonse ikakhala ndi dzina loti User kapena Admin, uthengawo sukuuzani chilichonse. Nthawi zina umatchula munthu amene anapuma ntchito kalekale, kapenanso amene tinamuika m'manda, chifukwa kompyuta yake inapatsidwa kwa wina dzina osasintha. Ndinaonapo akuluakulu a ndevu zawo atachita nazo mantha zimenezi. Popereka kompyuta kwa munthu, mulembemo dzina lake lenileni.

Mboni yodalirika ndi seva. Pa seva ya Windows tsegulani Computer Management, mupite pa Shared Folders, kenako Open Files. Pali mndandanda wa fayilo iliyonse yotsegulidwa ndi akaunti imene yaigwira. Okonda kutayipa malamulo ali ndi Get-SmbOpenFile mu PowerShell, ndipo pa Samba pali smbstatus. Mukadina fayiloyo ndi batani lakumanja mudzaona mawu oti Close Open File. Mawu amenewo ndiwo ndikukuchenjezani nawo. Mukawadina fayilo imamasukadi, abwana amamwetulira, inu mumatuluka mukuyenda monyang'wa. Koma zimene mnzanu uja analemba osasunga zatsala m'malere. Akabwera kudzasunga, mwina kompyuta idzamukana, mwina adzasunga pamwamba pa zimene wachiwiri walemba masana onse, ndipo mudzakhala mwavulaza anthu awiri pofuna kusangalatsa mmodzi.

Imbani foni kaye. Paja safunsa anadya phula. Kawirikawiri mudzapeza kuti munthuyo wangotseka sikirini n'kupita kukadya, kapena ananyamuka mwadzidzidzi atalandira uthenga wa maliro, kapena ali ku msonkhano kunyanja kompyuta yake yatsala yoyaka pa desiki. Wa kunkhomaliro mudikireni, nsima sitenga tsiku lonse. Wa kunyanja mufunseni ngati anasunga zonse. Wa kumaliro musamuvutitse ndi mafoni. Koperani kaye fayiloyo pambali, muitseke ndi chilolezo cha mkulu wake, ndipo musiye kapepala pa kiyibodi koti akabwera asunge zimene zili pa sikirini pake ndi dzina lina, kuti zidzaphatikizidwe bwinobwino.

Pali nthawinso imene fayilo imakhala yokhomedwa woigwira kulibe. Kwathu kuno chochititsa chachikulu ndi magetsi. Akathima, kompyuta imafa fayilo ili chitsegukire, ndipo kafayilo ka ~$ kaja kamatsala kamasiye. Kapena jenereta isanadzuke, switch imene imalumikiza mawaya onse imazima kwa kanthawi. Malaputopu sazima, ndiye anthu amapitiriza kulemba osadziwa kuti njira ya ku seva inaduka. Ndimadabwa nawo maofesi amene amagulira seva UPS yaikulu, switch n'kuisiya pa soketi wamba. Seva yoyaka imene palibe angaifikire ikuthandiza yani? Mukatsimikiza pa Open Files kuti palibe amene wagwira fayiloyo, kafayilo kamasiyeko kafufuteni, nkhani yatha. Musanatsimikize musakakhudze. Amene anathimiridwa magetsi mumuthandize pa kompyuta yake yomweyo, chifukwa Word ndi Excel zimasunga zongoyembekezera mphindi 10 zilizonse ngati wina sanasinthe, ndipo zimazisunga pa kompyutayo, osati pa seva. Asatseke kabokosi ka Document Recovery asanaone zimene zili mmenemo.

Nthawi zina wokhoma fayilo ndi wodandaula yemweyo. Uthenga umatchula dzina lake lomwe, iye n'kumalumbira kuti sanatsegule kanthu, ndipo sakunama. Mu File Explorer muli kagawo koonetseratu za m'fayilo, Preview Pane, kamene kamatha kuigwira mwakachetechete. Kapena Excel inaoneka ngati yatsekedwa koma ikadali moyo mu Task Manager. Kapena analowa pa kompyuta ya m'chipinda cha misonkhano dzulo n'kuiwala.

Tsopano ndinene za matenda amene ndimawaopa kuposa loko. Munthu akauzidwa kuti fayilo ili ndi wina, amaitsegula yongowerenga, n'kulembamo, n'kudina Save As. Mawa lake m'foda muli "bajeti", "bajeti yatsopano", "bajeti yomaliza", "bajeti yomaliza yeniyeni" ndi "bajeti ya abwana osakhudza". Wina waitumiza pa imelo, wina ali nayo pa fulashi, wina pa WhatsApp. Palibe uthenga umene ungakuchenjezeni, chifukwa kwa kompyuta zonsezi zili bwino. Zimadzaululika tsiku limene manambala opita kwa opereka thandizo asiyana ndi amene bodi inavomereza, ndipo tsiku limenelo palibe lamulo la PowerShell limene lingakuuzeni fayilo yoona. Mudzakhala pansi ndi eni ake, mzere ndi mzere, mpaka usiku.

Anthu anu auzeni zoona zake, kuti fayilo ya pa seva wamba salembamo awiri nthawi imodzi. Kulembera limodzi kumene anaona kwa anzawo kumatheka fayilo ikakhala pa OneDrive, pa SharePoint kapena mu Google Docs, ndipo kumafuna intaneti yosadukaduka. Excel ili ndi njira yakale ya Shared Workbook, imene Microsoft yomwe inaibisa mu Excel yatsopano. Ine sindingakulimbikitseni, popeza imaletsa zinthu zambiri ndipo fayilo ikakula imavuta kuidalira. Pa uthenga wokana uja pali batani la Notify limene anthu salilabadira, pomwe mukalidina kompyuta imakudziwitsani mnzanu akangotseka. Ngati fayilo imodzi ikulimbiranidwa tsiku ndi tsiku, vuto lili pa kagawidwe ka ntchito. Igaweni, nthambi iliyonse ikhale ndi yake, munthu mmodzi aziphatikiza. Ndipo ngati anthu khumi akulemba m'fayilo imodzi ya Excel kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ofesiyo ikufunika database. Kuwauza abwana zimenezi ndi mbali ya ntchito yanu, ngakhale atakwinya nkhope akamva za ndalama.

Si madandaulo onse amene ali a loko. Kwa anthu ambiri chilichonse ndi "netiweki yavuta", choncho musagwire ntchito ndi mawu ongomva. Werengani nokha uthenga wa pa sikirini mpaka kumapeto. Funsani ngati zikuchitikira iye yekha kapena onse, ngati ndi fayilo imeneyi yokha kapena foda yonse, ndiponso kuti zayamba liti. Mumulowetse pa kompyuta ina muone ngati vuto likumutsata. Likamutsata, lili pa akaunti yake. Likatsala, lili pa kompyuta kapena pa waya.

Akati "ndikutsegula koma ikukana kusunga", kapena "anzanga akulowa, ine ayi", mwafika pa zilolezo. Foda ya pa seva ya Windows ili ndi zilolezo za mitundu iwiri, cha share ndi cha NTFS, ndipo wodzera pa netiweki amalandira chocheperapo pa ziwirizo. Mungamupatse mphamvu zonse pa NTFS, koma share ikati kuwerenga basi, adzangowerenga. Dziwaninso mmene Word imasungira, chifukwa ambiri zimawasokoneza. Siilemba pamwamba pa fayilo yakale. Imayamba yalemba fayilo yongoyembekezera m'foda yomweyo, kenako imachotsa yakaleyo n'kupatsa yatsopano dzina lija. Tsono mkulu wina akakulamulani kuti anthu azilemba koma asamafufute, inu n'kuchotsa mphamvu yofufuta, mudzaona kusunga kukukanika, foda ikudzaza timafayilo ta .tmp. Aliyense woyenera kusintha zikalata amafunika chilolezo cha Modify. Afotokozereni mkuluyo, ndipo mantha awo a kufufuta muwathetse ndi backup.

Yesero lalikulu la wachinyamata wotopa ndi kupatsa Everyone mphamvu ya Full Control. Madandaulo amatha tsiku lomwelo, ndikuvomera. Koma mwatsegulira aliyense foda ya malipiro, makalata a chilango ndi zikalata za kuchipatala za antchito, ndi wophunzira ntchito wobwera dzana yemwe. Malipiro a anthu akayamba kukambidwa m'minibasi adzafunsa amene anasintha zilolezo, ndipo mawu oti "ndimafuna kuthandiza" sadzakupulumutsani. Zilolezo ziperekeni ku magulu, osati kwa munthu payekha: gulu la akaunti, la oyang'anira antchito, la ogula katundu. Munthu akasamutsidwa mumangomuchotsa uku n'kumuika uko. Mukamuika m'gulu latsopano, atuluke mu Windows n'kulowanso, apo ayi adzapitiriza kukanidwa, inu n'kumaganiza kuti mwalakwitsa. Deny muipewe mmene mungathere, chifukwa imagonjetsa chilolezo chimene munthuyo walandira kudzera ku gulu lina, ndipo chaka chikatha simudzakumbukira kuti munaiika. Fayilo imodzi yokha ikamakana m'foda imene zina zonse zikutseguka, funsani kumene inachokera. Yokopera imatenga zilolezo za foda yatsopano, koma yosamutsidwa mkati mwa disiki yomweyo kawirikawiri imabwera ndi zilolezo za kwawo.

Zina n'zazing'ono, ndingozidutsa. Njira ya fayilo, kuphatikiza mayina a mafoda onse, ikafika zilembo 260 mapulogalamu ambiri a Windows amalephera kuitsegula, ndipo Excel kwa zaka zambiri inkakana ikapitirira 218. Okonda kulemba chiganizo chathunthu ngati dzina la foda auzeni afupikitse. Wina akati fayilo ili pa Z: kumbukirani kuti Z: yake mwina si Z: ya mnzake, n'chifukwa chake mafayilo a Excel odalirana amatayana, mufunseni njira yonse yoyamba ndi dzina la seva. Laputopu yokhala ndi Offline Files imatha kumuonetsa munthu fayilo ya pa kompyuta yake iye akuganiza kuti ali pa seva, anzake osaona zimene walemba mpaka Sync Center itagwirizanitsa. M'ofesi ya domain, wotchi ya kompyuta ikasiyana ndi ya seva kupitirira mphindi 5 munthu amakanidwa ngakhale pasiwedi ili yolondola, ndipo pa makompyuta okalamba wolakwa amakhala kabatire ka mkati kosunga nthawi. Disiki ya seva imadzazanso, nthawi zambiri ndi mafilimu ndi zithunzi za ukwati. Ndipo ngati seva yanuyo ndi kompyuta wamba ya Windows 10 kapena 11 imene inaikidwa pansi pa desiki ya mlembi, dziwani kuti imalola olumikiza 20 okha nthawi imodzi. Wa 21 adzakanidwa ngakhale mutamusinthira waya.

Tsiku lina makina akale ojambulira zikalata adzaleka kutumiza zojambula ku foda ya pa seva, ndipo wokonza makinawo adzakuuzani kuti muyatse SMB1, mtundu wakale wa SMB ija. Kanani mwaulemu. SMB1 ndiyo njira imene pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inadzera pa 12 Meyi 2017, pamene inamanga mafayilo m'mayiko oposa 150 n'kusokoneza ntchito m'zipatala zambiri za NHS ku Britain, ngakhale Microsoft inali itatulutsa chigamba chake mu Malichi chaka chomwecho. Kuyambira kumapeto kwa 2017 Windows 10 inayamba kusiya SMB1. Funsani ngati makinawo ali ndi firmware yatsopano, kapena azitumiza zojambulazo pa imelo. Musafooketse seva yonse chifukwa cha makina amodzi.

Nanga fayilo ikasowa? Mtima pansi. Mafoda ambiri amene amati afufutidwa amakhala atangokokedwa ndi mausi mwangozi n'kugwera m'foda yoyandikana nayo; fufuzani dzina lake pa seva yonse musanalengeze maliro. Ngati inafufutidwadi, musataye nthawi mu Recycle Bin ya wofufutayo, chifukwa chofufutidwa pa foda ya pa netiweki sichipita mmenemo. Chokupulumutsani ndi Shadow Copies, zimene zinabwera ndi Windows Server 2003. Zikayatsidwa, seva imajambula mmene mafayilo alili, mwachizolowezi 7 koloko m'mawa ndi 12 koloko masana, ndipo mukadina foda ndi batani lakumanja n'kupita pa Previous Versions mumapeza fayilo ya dzulo kapena ya sabata yatha. Sizidziyatsa zokha, pitani lero lomwe mukaone ngati zili zoyaka. Pobweza musathamangire Restore, imene imalemba pamwamba pa zimene zilipo. Tsegulani yakaleyo, muikopere pambali, mwini wake aione yekha. Kumbukiraninso kuti zojambula zimenezi mwachizolowezi sizipitirira 64, ndipo kawirikawiri zimakhala pa disiki yomweyo, moti disiki ikafa zimafera limodzi. Backup yeniyeni ikhale pa chipangizo china, inanso kunja kwa nyumbayo, ndipo mwezi uliwonse yesani kubwezako fayilo imodzi. Imene simunayesepo kubweza musaiwerengere.

Wodandaula musamuyese chitsiru. Mayi amene akalamba akulemba malipiro a anthu sadziwa NTFS, koma amadziwa kuti fayilo yoona ndi iti, chimene inu simudziwa. Mukawaseka lero, mawa akalakwitsa adzabisa, ndipo cholakwa chobisidwa masiku atatu chimavuta kukonza kuposa chonenedwa pompopompo. Mkulu wa msinkhu wa bambo anu musawalande mausi; imani pambali, muwauze podina, kuti mawa adzathe okha. Khalaninso ndi kabuku kolembamo tsiku, fayilo, uthenga mmene unalembedwera, ndi chimene munachita. Pakatha miyezi kabukuko kadzakuonetsani zimene tsiku limodzi silionetsa: kuti mavuto amachuluka nthawi imene backup ikuyenda, kapena kuti onse akuchokera pa desiki ya pakona imene waya wake umapondedwa ndi mpando, kapena kwa amene amatsegula mafayilo akuluakulu pa Wi-Fi. Mudzachokanso pa ofesipo tsiku lina, ndipo wolowa m'malo mwanu adzafunika kabukuko.

Ndakuuzani kuti mudekhe, koma lilipo tsiku lothamanga. Mukamva anthu a nthambi zosiyanasiyana akudandaula nthawi imodzi kuti mafayilo sakutseguka, mukayang'ana n'kupeza kuti mayina asintha, ali ndi michira yachilendo, ndipo m'foda iliyonse mwabadwa kalata yofuna ndalama, imeneyo si nkhani ya loko. Ndi ransomware, ndipo kawirikawiri imadya seva kudzera pa kompyuta ya munthu mmodzi, mpaka pamene chilolezo chake cholemba chalekezera. Apa mudzamvetsa chimene ndinakukanizirani Everyone uja. Pa Open Files yang'anani akaunti imene ikugwira mafayilo ambirimbiri motsatizana. Zulani waya wa netiweki pa kompyuta imeneyo, zimitsani Wi-Fi yake, ndipo ngati simukuipeza msanga zulani waya wa seva yeniyeniyo, osadikira chilolezo cha aliyense. Disiki ya backup musailumikize mpaka mutatsimikiza kuti matendawo atsekeredwa. Mukatero pitani kwa abwana mukawauze zonse mmene zilili, nthawi imene zinayamba, mafoda amene akhudzidwa, ndi tsiku la backup yomaliza imene munaiyesa.